Mabuku a ana aja, pomwe tafika

Sabata yotsegulira sukulu

Amene mwakhala mukufunsa kuti za mabuku zija zinathera pati, sizinathe ayi, zikuyenda kungoti pang'onopang'ono. Mabuku a nkhani a Chichewa amene tikukonzawa akadali atatu omwe aja, lina la sukulu, lina la ubwenzi, lina la nyama za ku Chilwa, onse a ana a zaka 4 mpaka 7, ndiye kuti a kumkombaphala ndi a Sitandade 1 ndi 2. Anthu ake ndife omwe aja, ine wolemba, mnyamata wathu wojambula wa ku Chinamwali, achemwali ena a pa Chanco amene amatiyalira masamba pa laputopu, ndi amayi athu aphunzitsi opuma a ku Domasi amene anagwira tchoko m'makalasi a ana aang'ono mpaka imvi, iwowa akati ichi ayi ndiye kuti ayi basi.

La sukulu mawu ake atha, zithunzi zili pa pensulo. La nyama lili pakati. La ubwenzi musandifunse kaye.

Wina anandifunsa mu minibasi kuti mukuvutikiranji poti boma linabweretsa kale mabuku a National Reading Programme kuyambira 2016. Zoona analipo ndipo akugwira ntchito yake, koma amenewo ndi ophunzitsira, mwana amadziwiramo maliwu a malembo ndi kuphatikiza ma me mi mo mu. Ife tikufuna loti mwana alikakamire kuti ndiwerengereninso ngakhale mwamuwerengera kale dzulo ndi dzana. Oterewa m'Chichewa ndi ochepa. Mukazungulira pa ogulitsa mabuku akale mumsika muno mu Zomba mupeza okongola ndithu, a mapepala olimba, koma mkatimo muli chimbalangondo, ana akusewera mu sinowo, basi yachikasu ikudzawatenga pakhomo. Mwana wa ku Sadzi amapita wapansi, kapu ya phala m'manja, pena ndi tsache kukhwapa, ndipo belu la kusukulu kwake ndi limu ya galimoto yopachika pa mtengo wa mango. Ameneyo ndi amene tikumujambula.

Titabwera ku Songani

Tinapinda mapepala a A4 pakati, kumatamo zithunzi za fotokope, kusoka ndi ulusi, buku loyeserera lija lakwana, ndiye tinapita nalo ku CBCC ina, sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi, cha ku Songani. Tinagwirizana kuti ife tisatsegule pakamwa, tingokhala pambali, awerenge ndi mlezi wa pamalopo amene sanalionepo chiyambire, chifukwa bukuli likadzatuluka ife sitidzakhalapo kuti tizifotokozera. Ndipo umu ndi momwe lidzawerengedwere malo ambiri, buku limodzi m'manja mwa munthu wamkulu, ana thooo pansi mpaka kukhomo. Zoti mwana ali pamwendo pa mayi ake bukulo lili pamphuno ndi za nyumba zochepa kwambiri.

Akutsogolo anasangalala, ena mpaka kufuna kulanda. Akumbuyo pofika pakati pa nkhani anali atayamba kale kutsinana ndi kusewera ndi timiyala, osati chifukwa cha mwano, samaona kanthu. Wojambula wathu ali ndi dzanja labwino zedi koma amakonda tizinthu ting'onoting'ono, tizilembo ta pa bolodi, mabatani a yunifomu, kabuluzi pa zenera, zonsezo ukangotalikira mapazi angapo zimasanduka phulusa lokhalokha. Ndiye tasintha, buku lidzakhala la A4 yathunthu osati yopinda, mizere yokhuthala, nkhope zikuluzikulu, chochitika chimodzi pa tsamba limodzi. Mnyamata anakhumudwa ndithu, ulendo wonse wobwerera anangoti duu pa kabaza, koma tinamvana kuti tizinthu take tikhalepo, kungoti nkhani isadalire timeneto. Kabuluzi kaja tsopano kazibisala pa tsamba lililonse kuti mwana amene wapeza mwayi wogwira yekha bukulo azikasaka.

China chimene sitinachiike ife koma chinabwera chokha, mleziyo asanatsegule n'komwe anati padangokhala, ana onse tili tonse! Kuchoka apo anafuna kumayankha pa tsamba lililonse ngati mmene nthano imakhalira, koma mawu athu sanawapatse poyankhira, ankangoyenda okha. Ndiye ndalembanso. Tsopano mtsikana wa m'nkhaniyo, Tamanda, amene akuopa tsiku lake loyamba ndipo wagwira chitenje cha agogo ake osafuna kusiya, akamaliza chilichonse belu limalira ndipo ana onse amati ngo ngo ngo, belu lalira! Mawu atatu anayi obwerezabwereza, ngakhale wa zaka 4 amene sadziwa a ndi e akuwerenga nawo pamtima, ndipo wakumbuyo uja ali ndi chifukwa chodikirira tsamba lotsatira.

Zina ziwiri zazing'ono. Pa tsamba lina aphunzitsi anajambulidwa kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, kamnyamata kena kanafunsa mokweza kuti miyendo yawo anadula ndani. Ndipo kamtambo kaja kamene ojambula amaika pamutu posonyeza kuti munthu akuganiza, ana anati Tamanda akupsa, utsi uwo. Tachotsa kamtamboko, aphunzitsi tawabwezera miyendo yawo.

Mkangano wa nyama

Apa ndiye panali phokoso. Pachiyambi wojambula anabweretsa kadzidzi wovala magalasi kuti akhale mkulu wanzeru wa nyama zonse, mmene amachitira m'makatuni a pa TV. Amayi aphunzitsi anangochiyang'ana n'kunena kuti ana anga, buku ili likalowa m'nyumba usiku womwewo lipita pamoto. Ndipo sakunama, kadzidzi akalira padenga kwathu kuno anthu sagona, amati kukubwera maliro, ndiye iwe ukampatse mwana kuti agone naye? Ine ndikudziwa kuti kadzidzi ndi mbalame chabe yodya makoswe ndipo tsiku lina pakufunika buku loti linene zimenezo, koma si ili, loyamba lisayambe ndi kukangana ndi agogo. Fisi nayenso anagwa pa chifukwa chomwecho.

Kalulu ndinamukana ndi ine. Watopa kalulu abale, nthano iliyonse ndi iyeyo, komanso taganizani mmene amapambanira, kunamiza, kuba, kupusitsa mnzake mpaka avulale. Pamoto madzulo zimakoma ndithu ndipo sindikuti tizisiye, koma mwana amamumva kale kunyumba, sakufunika ife.

Ndiye tinatsikira ku Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira kuchokera ku Likangala, Domasi, Phalombe ndi ina, ndipo ndi yosaya moti mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, inaphwa 1968, 1995, ndipo 2018 ambirife tinaona ndi maso mabwato atakhala pa dothi long'ambika ku Kachulu, anthu akupita ku chilumba cha Chisi osakwera bwato. Koma mvula ikabwerera nsomba nazo zimabwerera, ndipo funso la mwana aliyense ndi lakuti zinali kuti? Yankho lake ndi nkhani yokwana kale popanda kuwonjezera bodza, matemba ndi makumba amathawira m'maiwe otsala m'mitsinje ija, pomwe mlamba umapirira m'matope ndi m'madzi oipa chifukwa umatha kupuma mpweya wa kunja. Nkhani yathu ndi ya kakowa amene akuzungulira kufunafuna anzake nyanja itauma, afunsa chule, afunsa ng'azi, afunsa nkhanu, aliyense akumuuza kumene wabisala, mpaka mvula igwa. Pobwereza pake ndi funso lakuti madzi apita kuti, ana ayankhe apita, abwera!

Wina anati koma kakowa amadya nsomba, ubwenzi wake uli pati? Zoona, ndipo ana a asodzi adzafunsa zimenezo tsiku loyamba lomwe, iwowa sungawanamize. Ndiye kakowa wathu sakusaka nsomba ngati anzake, akusaka madzi, ndipo mlamba akamuyankha amayankhira mkati mwa matope mutu wokha uli kunja, diso limodzi lili pa mlomo wa kakowayo. Ana aakulupo aseka, aang'ono aona chabe nsomba ya ndevu.

Wojambula anapita yekha ku Kachulu kukaona njedza mmene imamerera ndi zimbowera zimene asodzi amamanga pamadzi, chifukwa zoyamba anajambula Chilwa wa mchenga woyera ndi madzi a buluu ngati Mangochi. Madzi a Chilwa ndi otuwa. Anabwerako ndi zithunzi zodzaza foni komanso fungo la matemba m'jekete.

Za mawu ndi zilembo

Chichewa chathu chimamata zinthu zambiri m'liwu limodzi, taonani sanandibwereketse, munthu wamkulu sazindikira n'komwe kuti ndi lalitali koma kwa wa Sitandade 1 ndi maphatikizo 7, akamafika kumapeto waiwala kumene anayambira. Ndiye m'buku la sukulu taika malire, liwu lisapitirire maphatikizo 4, chiganizo chimodzi pa tsamba, zikavuta ziwiri. Maphatikizo olemera ngati nkha, mpha, ntcha, ng'a tawachepetsa kwambiri chifukwa amayi aphunzitsi akuti amenewa ana amawagwira mochedwa. M'buku la nyama sizingatheke, ng'azi ndi ng'azi, nkhanu ndi nkhanu, ndiye limenelo tavomereza kuti ndi lowerengeredwa ndi wamkulu.

Panalinso za anapita ndi adapita. Amayi akuti da ndi amene ana akumana naye m'mabuku a m'kalasi, ine ndikuti kuno timalankhula na, ndipo mlezi wa ku Songani uja pamene panalembedwa adaona iye ankawerenga anaona osazindikira. Tinathawa mkangano wonse poika mabuku awiri mu zochitika pompano, Tamanda akulira, Tamanda akuseka, agogo akupita, ndipo zatithandiza kwina chifukwa aku uja akumabwera tsamba lililonse mwana n'kumuzolowera. La ku Chilwa lokha ndi limene latsala ndi da, poti ndi nthano.

Tikasemphana pa kalembedwe, monga poika kankhodolero kapena kulekanitsa mawu, timatsegula mtanthauziramawu wa a Centre for Language Studies, amene ali konkuno ku Zomba pansi pa yunivesite chiyambire 1996 pamene analowa m'malo mwa Chichewa Board, zimene zalembedwa mmenemo ndi zomwezo, nkhani yatha. Fonti, ndiye kuti maonekedwe a zilembo, achemwali asankha Andika, ya ulere, inapangidwira ophunzira kuwerenga, a wake ndi g wake ndi ofanana ndi amene mphunzitsi amalemba pa bolodi osati a mnyuzipepala aja okhala ndi kamchira pamwamba amene mwana amawaona ngati chilembo china. Ndipo mawu akuwaika paokha osawamata pa chithunzi, cholinga mawa tikapeza wotithandiza tingochotsa Chichewa n'kuikapo Chiyao, chifukwa kuyambira Songani, Domasi mpaka Malosa ana ambiri kunyumba ndi Chiyao, Chichewa amakumana nacho bwinobwino pa sukulu.

La ubwenzi lija

Chimene chimavuta ndi chakuti ukangoti ubwenzi, cholembera chimathamangira ku ulaliki. Kondanani, gawanani, musamenyane. Mwana amamva zimenezo ku Sande sukulu, ku madrasa, pa asembule, kunyumba, ndiye atsegule buku apezenso zomwezo? Zolemba zoyamba zonse zinali zotero, ana awiri abwino amene akungochitirana zabwino kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ngakhale ine mwini ndimayasamula.

Pano nkhani yapezeka. Anyamata awiri a nyumba zoyandikana ali ndi mpira wachikulunga umodzi, wina waumenya mwamphamvu wagwera mu Likangala wapita, ayamba kulozana zala, sakuyankhulana, popita kusukulu wina mbali iyi ya msewu wina mbali iyo. Aliyense akufuna kukulunga wakewake, koma wina ali ndi majumbo alibe chingwe, wina ali ndi chingwe alibe majumbo. Masamba apakati alibe mawu n'komwe, nkhope zokha, kuyang'anana cham'mbali, ndipo ndi amene ine ndikuwakonda kuposa onse chifukwa mlezi akafika pamenepo amafunsa ana kuti akuganiza chiyani uyu, kalasi yonse imayamba kulongolola. Kumapeto akukulunga limodzi.

Amayi aphunzitsi akufuna wina anene kuti pepa, komanso pansi palembedwe phunziro la nkhaniyi mmene zimakhalira m'mabuku a kale. Ine ndikuti amayi, anyamata a zaka 6 sapepesana, amangoyamba kusewera, ndipo mwana akaona mpira watsopano uja wamva kale zonse. Iwo akuti mwana wanga iwe sunaphunzitsepo, mphunzitsi amafuna pogwira. Pakadali pano tagwirizana theka, phunziro m'nkhani mulibe, koma mkati mwa kava yakumbuyo tiikamo mafunso ochepa a wowerengera. Za pepa zikadali m'khoti.

Mmodzi mwa anyamatawa ndi wachialubino. Nkhani sikunena chilichonse za khungu lake, palibe tsamba lofotokoza, iye ndi amene wamenya mpira uja basi ndipo ndi wamakani kuposa mnzakeyo. Tinaonetsa zithunzi kwa mayi wina amene ali ndi mwana wotere, anatikonza zinthu zimene ife sitikanaziona, chipewa chikhale cha khonde lalikulu osati kapusi, malaya a manja aatali, m'kalasi akhale kutsogolo chifukwa maso amavuta kuona patali, ndipo akamasewera masana pakhale mthunzi penapake. Anatinso chonde musamujambule womvetsa chisoni. Zimenezo tazitsatira zonse.

Mwa njira, wina watiuza kale kuti tikulimbikitsa majumbo opyapyala amene boma linaletsa. Kkkk aise, anawo akutola m'ngalande, akuyeretsa tauni.

Kosindikiza

Apa ndi pamene mutu ukuwawa. Tafunsa makoteshoni konkuno, ku Blantyre ndi ku Balaka. Mapepala ndi inki zimachokera kunja ndiye mtengo umayendera dola, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe wosindikiza amene akufuna kukulonjeza mtengo wa mwezi wamawa, koteshoni amakupatsa ya masiku ochepa, ukamamaliza kusonkha ndalama yasintha kale. Njira zilipo ziwiri, makina a dijito amene amalola ngakhale makope ochepa koma buku lililonse limadula chimodzimodzi, kapena ofuseti imene umayamba walipira mapuleti a mitundu 4 ya inki, ndiye ukasindikiza ochepa walira koma akachuluka mtengo wa limodzi umatsika kwambiri. Ndi ndalama imene yalowa pa Mpamba ndi Airtel Money kuchokera kwa inu, zikomo kwambiri, ofuseti ya mabuku atatu onse sitingaikwanitse. Maganizo amene alipo ndi oti la sukulu lipite lokha kaye.

Masamba ayenera kugawika ndi 4 chifukwa pepala limodzi lopinda limabala masamba 4, ndiye la sukulu ndi la ubwenzi ndi 16, la ku Chilwa 24. Kumanga kwake ambiri akuti sitepula pakati, ndi yotchipa, koma amene anasungapo mabuku m'kalasi yodontha akudziwa kuti dzinja limodzi sitepula yachita dzimbiri, tsamba lapakati lathothoka, nkhani yaduka pamimba. Tafunsa za kusoka ndi ulusi, mmodzi yekha ndi amene wavomera ndipo wawonjezera mtengo. Kava yokha ndiye sitinyengerera, ikhale yolimba yokutidwa ndi pulasitiki, manja a phala ndi ambiri.

Tinayesa kusindikiza masamba awiri kuti tione mitundu. Pa laputopu Tamanda ndi wakuda bwino wowala, papepala anatuluka bii ngati kunsi kwa mphika, maso ndi mano okha, nkhope yonse ija imene tinavutikira kuti wakumbuyo aione yasowa. Achemwali akuti pa sikirini mitundu ndi ya kuwala pomwe papepala ndi inki, ndipo pepala losaterera limamwa inki n'kuifalitsa ndiye chilichonse chimadera. Akonza mafayilo onse kupita ku CMYK, mitundu 4 ya inki ija, achepetsa yakuda pa khungu, zithunzi azisikananso pa 300 dpi, mulingo woti zituluke zooneka bwino papepala, ndi kusiya mamilimita 3 m'mphepete oti mpeni udye. Mnyamata wachialubino uja vuto lake linali lotembenuza, anatuluka pinki ngati mzungu wa m'katuni, ndiye nayenso akumukonza. Sitilola kuti asindikize onse tisanaone pepala loyesera lina ndi maso, padzuwa, osati pa foni. Magetsi nawo sabata ino angotipatsa maola owerengeka ndiye ntchito ya pa laputopu ikuchitika usiku.

Mwayi wokhala ku Zomba ndi woti National Archives ili pompano, kumene kumatengedwa nambala ya ISBN yozindikiritsa buku komanso kumene lamulo limati aliyense wosindikiza buku akasiyeko kope, ndiye zimenezo ndi za wapansi. Buku lililonse nambala yakeyake, ndipo la Chiyao likadzabwera lidzafuna ina. MIE, Malawi Institute of Education yokonza maphunziro a m'sukulu, nayonso ili pa Domasi pomwepa, amayi aphunzitsi akuti ngati tikufuna mabukuwa adzalowe m'sukulu za boma mwadongosolo tiyenera kukawaonetsa kumeneko awaunike, ndipo ndi bwino kutero tisanasindikize ambiri kuopa kudzauzidwa kuti sinthani tsamba ili makatoni ali kale m'nyumba.

Mvula yoyamba itagwa

La sukulu mitundu yatha kupatula tsamba la phala, wojambula akuti makapu onse atuluka ofanana ndipo akufuna ena akhale mabakuli, ena zitini, mmene zimakhaliradi pamzere. La ku Chilwa latsala masamba a mvula. Tinakaliyesanso la sukulu lija mu A4 yathunthu ku sukulu ina ya pulayimale cha ku Thondwe, kalasi ya Sitandade 1 yodzaza mpaka ena pawindo, ndipo ngo ngo ngo uja anamveka mpaka aphunzitsi a kalasi yoyandikana anatuluka kudzaona ngati belu lalira nthawi isanakwane. Akumbuyo anafika kumapeto. Chimodzi chokha, agogo a Tamanda ana akuti ndi amayi ake, ndiye awonjezeredwa makwinya ndi ndodo.

Nkhani imene yabuka tsopano ndi ya umwini. Achemwali akufuna tiwaike pa intaneti mwaulere ndi chilolezo cha Creative Commons, monga amachitira a African Storybook, amene amaika mabuku a ana pa intaneti, kuti mphunzitsi wa ku Chingale kapena ku Mayaka amene sitidzamufikira atsitse pa foni kapena apulinte yekha. Ine mtima wanga uli komweko. Koma wojambula akuti iye wathera miyezi pa zithunzizi, penti ndi mapepala wagula ndi ndalama yake ya zikwangwani za mashopu, ndiye mawa bungwe lina lalikulu lidzatsitse, lisindikize masauzande, liike chizindikiro chake pakava iye osaona ngakhale ya sopo? Funso lake ndi lolondola ndipo sindinamuyankhe. Pali mtundu wa chilolezocho woletsa kugulitsa, koma bungwe logawa mwaulere silikugulitsa, ndiye dandaulo lake likhalapobe. Akuti akafunsa kaye ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso. Mpaka abwereko mafayilo sakutuluka mu laputopu, ndipo Loweruka tikumana kwa amayi ku Domasi kuti timalize za pepa zija, anena kale kuti tibwere ndi shuga.